Momwe mungamatire zokongoletsa zotumphuka pa tipoti yadongo

Maluwa, masamba kapena nsomba zotumphuka pa tipoti zimamatidwa dongo lisanaume, ndipo nkhani yonse yagona pa chinyezi. Tipoti ndi chomatacho zikasiyana kanyowedwe, chimodzi chimakoka chinzake pouma, kenako chokongoletsa chija chimang'aluka kapena kumatuka mu ng'anjo, ngakhale mutachisema mwaluso chotani.

Choncho dikirani tipoti ilimbe kufika poti mukhoza kuinyamula osapindika, koma chikhadabo chikulowabe ndipo ikumveka yozizira m'manja. Ikayamba kuyera m'mphepete ndiye kuti mwachedwa. Dongo lomatira likhale lomwelo limene mwaumbira tipoti, chifukwa dongo limachepa pouma ndi powotcha, nthawi zambiri ndi magawo 10 mpaka 13 pa 100 alionse, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kachepedwe kake.

Jambulani chithunzi chanu pamimba pa tipoti ndi singano, mopepuza dzanja. Talikirani polumikizira chogwirira ndi mlomo wothirira, pakuti malo amenewa ndi okhuthala kale. Ine ndimakonda kuti tsamba kapena nthambi izitsata kupindika kwa tipoti, ioneke ngati yamera pomwepo.

Tsopano umbani tizidutswa tanu. Tisapose mamilimita 3 mpaka 5 kukhuthala; chinthu chonenepa chimachedwa kuuma mkati komanso chimalemeretsa mbali imodzi. Tisiyeni pansalu yonyowa pang'ono mpaka tilimbe mofanana ndi tipoti. Ngati mukufuna duwa limodzimodzi kangapo, dindani dongo m'kachikombole. Ndi mmene a kampani ya Wedgwood ku England akhala akupangira zithunzi zoyera pa ziwiya zawo zabuluu kuyambira m'ma 1770.

Pomata m'pofunika kudekha. Kandani malo onse awiri, kumbuyo kwa kachidutswa ndi pa tipoti pomatapo, ndi singano kapena foloko, mizere yopingasana. Sungunulani dongo pang'ono m'madzi likhale phala, mudonthezeremo viniga, kenako pakani mbali zonse ziwiri. Lowetsani zala za dzanja limodzi m'kati mwa tipoti kuti zichirikize khoma, dzanja linalo lizikanikiza kachidutswa kuyambira pakati kupita kumphepete. Mukatero mpweya umatuluka, ndipo phala likatumphukira m'mbali mwadziwa kuti chagwira. Tsekani m'mphepete monse ndi kamtengo kosongoka, osasiya mpata ngakhale wochepa.

Musathamangire kusema. Lolani kaye chinyezi chifanane, kenako lembani mitsempha ya tsamba kapena mamba a nsomba. Nsonga zakuthwa zisalazeni ndi chala, chifukwa zikapsa zimacheka komanso zimabenthuka msanga. Siponji yonyowa kwambiri imafufuta mizere imene mwavutikira, ndiye muigwiritse ntchito mosamala.

Vundikirani tipoti ndi chivundikiro chake kuti zichepere limodzi, muikulunge m'pulasitiki kwa masiku angapo, kenako muzitsegula pang'onopang'ono pamthunzi, kutali ndi mphepo. Ikaumiratu, iwotcheni koyamba pa madigiri Celsius pafupifupi 1,000, moto ukwere pang'onopang'ono.

Pa glaze, utoto wopaka umene umasanduka ngati galasi powotcha kachiwiri, sankhani yopyapyala yoonekera mkati, monga ya mtundu wotchedwa celadon, imene imadikha m'maenje n'kupyapyala pamwamba, chithunzi n'kuoneka bwino. Yokhuthala imakwirira zonse. M'kati mwa tipoti pakani yokhayo yovomerezeka pa ziwiya zodyera, yopanda mtovu.