Momwe mungawerengere Othello kuti muone mmene nsanje imamerera

Sewero la Othello, limene William Shakespeare analemba cha m'ma 1603, lili ndi zigawo zisanu. Musaliwerenge chamumtima. Pezanani anthu anayi, mugawane mbali za Othello (mkulu wa asilikali), Iago (msilikali wake), Desdemona (mkazi wa Othello) ndi Emilia (mkazi wa Iago), muziwerenga mokweza, chifukwa chinyengo cha Iago chimamveka bwino m'makutu.

Zigawo ziwiri zoyamba mungadutse msanga. Ingosungani chenjezo limene Brabantio, bambo ake a Desdemona, akupereka kwa Othello ku Venice, loti mwana amene wanamiza bambo ake angathe kunamizanso mwamuna wake. Iago adzatola mawu omwewo n'kuwasandutsa mpeni.

Fatsani pa chiwonetsero chachitatu cha chigawo chachitatu, ku Cyprus. Tengani pensulo, muchonge paliponse pamene Iago akungobwereza mawu a Othello m'malo moyankha. Sayamba ndi bodza lalikulu ayi. Amafunsa pang'ono za Cassio, wachiwiri kwa Othello pa usilikali, n'kuchita ngati akubisa kanthu kokhudza Cassio ndi Desdemona, ndipo Othello amamaliza yekha zotsalazo mumtima.

Kenako londolani kampango kamene Othello anapatsa Desdemona ngati mphatso. Kakugwa pansi Desdemona akufuna kumanga mutu wa mwamuna wake umene ukuwawa. Emilia akutola, kupatsa Iago, Iago kukasiya m'chipinda cha Cassio, Cassio kupatsa Bianca, chibwenzi chake. Kansalu kachikondi kasanduka umboni wophera munthu, zomvetsa chisoni kwambiri.

Ambiri amalakwa posenzetsa Iago mlandu wonse, motero saona mbali ya Othello. Fufuzani pamene iye anafunsa Cassio za nkhaniyi maso ndi maso asanaphe mkazi wake: simupapeza. Emilia atamutsimikizira m'chigawo chachinayi kuti Desdemona ndi wokhulupirika, Othello anali atatseka kale makutu.