Musanagumule Nyumba Yakale ya Kwanu, Yambani Mwailembetsa

Miyezi yapitayi ndinapita kumudzi wina kukaona nkhokwe, koma chimene chinandigwira mtima ndinachipeza kuseri kwa tchalitchi chatsopano. Kunali kanyumba ka njerwa zootcha, zikuluzikulu kuposa za masiku ano, zomangidwa ndi dothi. Malata ake anali atafiira ndi dzimbiri, koma thabwa la mlombwa la pamwamba pa chitseko chiswe chinali chitalilephera. Akomiti anandiuza kuti akufuna kukagumula, njerwazo amangire zimbudzi. Gogo wina amene ankatong'ola chimanga pafupi anaika chitsononkho pansi n'kunena kuti, "Ana inu, mmenemo ndi mmene bambo anga anaphunzirira kulemba, ndi chala, pansi. Pa njala ya 49 tinkalandirira ufa pakhomo pomwepo." Akomiti anangoyang'anana. Onse anabadwira pamudzipo, koma nkhaniyo anali kuimva koyamba.

Ndikulembera inu amene muli ndi malo otere kwanu: tchalitchi kapena mzikiti wakale, sukulu yoyamba, bwalo la milandu, sitolo yakale, mtengo umene makolo ankakumaniranapo, phanga lojambulidwa. Pali njira yoti malo amenewa alowe m'kaundula wa malo ofunika m'mbiri, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo ndi lanu, la pamudzi.

Kuno ku Malawi nkhaniyi imayendera lamulo la Monuments and Relics Act la 1990. Lamuloli limapatsa nduna mphamvu yolengeza m'Gazette, chikalata cha zilengezo za boma, kuti malo akutiakuti ndi otetezedwa, ndipo akalengezedwa palibe amene angawagumule, kuwasintha kapena kukumbapo popanda chilolezo. Amene amayendetsa ntchitoyi ndi a dipatimenti ya Museums and Monuments, omwe achikulire amawadziwa ndi dzina lakale la Antiquities. Ndiwo amabwera kudzaona malo n'kuweruza ngati ali oyenera.

Ambiri amagwa ulesi poganiza kuti kaundulayu ndi wa zinyumba zikuluzikulu zokha, monga Mandala House ya ku Blantyre ya 1882, kapena tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Ayi ndithu. Pa Namaka, mumsewu wa Blantyre ndi Zomba, pali kanyumba kakang'ono kamene amtengatenga ankapumirapo atanyamula makalata wapansi, ndipo kanasungidwa. Ku Nkhotakota chimene anthu amakaona ndi mtengo, umene mbiri imati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mtsogoleri wa Aswahili ochita malonda a akapolo, m'zaka za m'ma 1860. Ku Cape Maclear kuli Mwala wa Mphini. Chimene chimalowetsa malo m'kaundula ndi nkhani yake komanso umboni wa nkhaniyo. Kukula ndi kukongola zimabwera pambuyo.

Musanalembe kalata iliyonse, dziwani mwini malo. Apa ndi pamene ntchito zambiri zimafera. Ngati malowo ali m'manja mwa mafumu, yambirani kwa nyakwawa, kenako kwa gulupu, mpaka kwa mfumu yaikulu. Ngati ndi a mpingo, komiti ya pamalopo payokha siikwanira. Nkhani ifike ku sinodi, ku dayosizi kapena ku likulu la mpingowo, chifukwa mapepala a malo amakhala kumeneko. Ngati ndi a banja, khalani pansi ndi eni mbumba onse, kuphatikizapo amalume amene ali kutauni. Munthu akamva kwa anthu apanjira kuti nyumba ya agogo ake yaperekedwa ku boma, amaganiza kuti mukufuna kumulanda, ndipo ndaonapo ena akusasula denga usiku chifukwa cha mantha amenewa. Mufotokozereni poyera kuti mukufuna chiyani, ndipo akavomera, chilolezocho chilembedwe, asainire kapena adinde chala, mfumu iikepo chidindo.

Tsopano tifike pa umboni, pamene ndikufuna muchedwepo. Khoma likhoza kudikira chaka china, koma nkhalamba ya zaka 85 sitingailonjeze dzinja likubwerali. Pitani kwa achikulire msanga. Pitani awiri, wina azifunsa wina azilemba, ndipo ngati avomera, jambulani mawu awo pa foni. Afunseni mmodzimmodzi, aliyense pakhomo pake. Mukawasonkhanitsa pabwalo, amene ali ndi mawu aakulu ndiye amalankhula, ena amangovomera, ndipo amayi amakhala chete pamene kawirikawiri ndiwo amakumbuka bwino amene anaponda dothi, amene anatunga madzi ndi amene anaphikira amisiri.

Musamufunse gogo kuti, "Inamangidwa chaka chanji?" Adzakupatsani chaka chongofuna kukusangalatsani. Mufunseni motsamira zinthu zimene aliyense amazikumbuka. Pa njala ya 1949 nyumbayi inalipo kale? Inu munali msinkhu wanji, munali mutavinidwa? Pamene anthu ankamangidwa mu Malichi 1959, mkati muno munkachitika chiyani? Malata anakhomedwa tisanalandire ufulu mu 1964 kapena titalandira? A ku Zomba angatsamire Napolo wa 1946, a ku Phalombe madzi osefukira a 1991. Mukatero mumapeza malire awiri, akuti nyumbayi inalipo chisanafike chakuti koma chitadutsa chakuti, ndipo akatswiri amakhulupirira zimenezi kuposa chaka chongotchula. Pa nkhani iliyonse lembani amene wanena, msinkhu wake, tsiku limene mwacheza naye, komanso ngati anaona yekha kapena anamva kwa makolo. Awiri akasiyana, lembani zonse ziwiri momwe zilili. Musasankhe yokoma. Ndipo chonde musakometsere. Mukangolemba kuti Livingstone anagona pamenepo pamene palibe amene akudziwa, wofufuza akaligwira bodza limodzilo adzakayikira ndi zoona zomwe.

Mapepala nawo alipo ambiri kuposa mmene timaganizira. Fufuzani m'kabati ya abusa mabuku a ubatizo ndi a maukwati, mabuku a misonkhano ya akulu a mpingo, buku la mphunzitsi wamkulu, malisiti akale, zithunzi za ukwati zimene nyumbayo ikuoneka kumbuyo. Yang'anani pa belu, pa mwala wa pangodya ndi pa ziliza za kumanda. Nthawi zambiri chaka chimakhala pomwepo, chitakwiririka ndi ndere. Amene angathe kuyenda akafike ku National Archives ku Zomba, kumene amasunga mabuku a maboma a nthawi ya atsamunda ndi a mamishoni, kapena ku laibulale ya Society of Malawi m'nyumba ya Mandala ija. Buku loyambirira lisachoke kwa mwini wake. Lijambuleni tsamba ndi tsamba, mulibweze tsiku lomwelo.

Za kuyeza n'zosavuta. Tengani tepi, muyeze m'litali, m'lifupi, kutalika kwa khoma ndi kunenepa kwake. Jambulani zithunzi mbali zonse zinayi, mkati, denga, mazenera, ndi malo onse owonongeka, osabisa ming'alu. Pa chithunzi chilichonse paime munthu kapena ndodo ya mita imodzi kuti woona adziwe kukula. Lembani papepala mapu osonyeza msewu, mtsinje, mjigo ndi malire, ndipo wachinyamata wodziwa foni atenge manambala a GPS osonyeza pamene malowo ali. Nenaninso zimene zinasinthidwa, monga ngati udzu unachoka n'kubwera malata.

Zonsezi zikakwana, lembani kalata yaifupi, tsamba limodzi kapena awiri: dzina la malo, kumene ali, mwini wake, chifukwa chake ndi ofunika, chimene chikuwaopseza, ndi amene adzawasamalire. Funso lomalizali musalilumphe. Kalatayo idutse ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi ku ya m'dera (ADC), ilembedwe m'maminitsi, ndipo malowo alowe m'mapulani a chitukuko a mudzi. Kenako ipite kwa bwana DC kapena kwa mkulu wa khonsolo ya mzinda, ina ipite ku dipatimenti ija. Pemphani zinthu ziwiri: kuti khonsolo iwalembe pa mndandanda wa malo a mbiri a m'bomalo, ndiponso kuti akatswiri abwere adzaone ngati angalengezedwe kukhala otetezedwa m'dziko lonse. Choyambacho musachipeputse. Tsiku limene kudzabwere ntchito ya msewu kapena yokumba miyala, malo olembedwa ku khonsolo amakhala ndi powayankhulira.

Podikira yankho, manja akhale kutali ndi simenti. Ndikunena izi ndi mtima wonse, chifukwa nyumba zambiri zakale zawonongedwa ndi anthu ozikonda. Khoma la njerwa zofewa zomangidwa ndi dothi kapena laimu limapuma: limamwa chinyezi n'kuchitulutsa. Mukalipaka pulasitala wa simenti, chinyezi chimatsekeredwa mkati, njerwa zimafumbwa, ndipo pakapita zaka zochepa pulasitalayo amagwa atanyamula nkhope ya khoma. Chimene mungachite ndi kutseka podontha, kukumba ngalande kuti madzi a padenga asaime m'tsinde mwa khoma, kulambula udzu kuti moto wolusa usafike, ndi kuthana ndi chiswe. Kachere akamera pakhoma, dulani tsinde lake koma mizu musaizule mwamphamvu, imatuluka ndi njerwa. Zitseko ndi mafelemu akale, ngakhale othyoka, asungeni pouma.

Pa miyala yojambulidwa malangizo ndi okhwima kwambiri. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula zotere, zofiira zakale za Akafula, anthu amene Achewa anawapeza kuno, ndi zoyera za Achewa, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawalemba m'kaundula wa dziko lonse lapansi mu 2006. Ngati kwanu kuli phanga lotere, musathire madzi pa zojambulazo kuti zioneke bwino pa chithunzi, musazidutsitse choko kapena makala, musakolezemo moto, ndipo musakumbe pansi pake. Mukapeza mapale, mikanda kapena mafupa, zisiyeni pomwepo mukanene. Phale likachoka pamalo pake, theka la nkhani yake latayika.

Malo a mizimu ali ndi malamulo awoawo. Kachisi, manda a mafumu ndi dambwe zili ndi eni ake, monga mmene Khulubvi wa Mbona ku Nsanje alili ndi omusunga. Iwo ndiwo anene chimene chingalembedwe ndi chimene sichituluka. Zikhoza kukwanira kulemba malire a nkhalango ndi kunena kuti ndi malo opatulika, osaulula za mkati. Akakana, nkhani yathera pomwepo, ndipo mukane nawo.

Ndikuuzeninso zoona pa za ndalama, kuti pasadzakhale kulozana zala. Kulembetsa sikubwera ndi cheke, ndipo alendo sayamba kukhamukira mawa lake. Kumabweranso ndi goli: malo akatetezedwa, simungaboole zenera latsopano mmene mwafunira. Anthu amve zimenezi pamsonkhano woyamba.

Yankho limatha kuchedwa, choncho sankhani munthu mmodzi wolondola nkhaniyi, amene azikafunsa ku khonsolo mwezi ndi mwezi ndi kulemba tsiku limene wapita. Popereka kalata pemphani chidindo pa kope lanu. Failo yonse ikhale m'makope atatu, kwa mfumu, kusukulu kapena kumpingo, ndi kwa mlembi, iliyonse m'pepala la pulasitiki, pamalo okwera. Mawu a agogo aja muwakopere m'mafoni awiri kapena atatu lero lomwe, foni imodzi isanagwere m'madzi.