Factory Method: Lekani kumwaza "new" paliponse

Anzanga amene mukuphunzira Java kapena C# kuno ku Mangochi, tamverani. Ndinkalemba pulogalamu yolandirira ndalama za alendo pa loji ina m'mbali mwa nyanja. Poyamba inali Airtel Money yokha, ndiye ndinangomwaza new AirtelPayment() paliponse. Atati tiwonjezere TNM Mpamba, ndinachezera usiku wonse kusakasaka mizere yoti ndisinthe.

Inu chitani chonchi, njira yake imatchedwa Factory Method: mu class yaikulu ikani method imodzi ya abstract (yopanda code mkati, ma subclass ndiwo amailemba), tinene pangaMalipiro(), yobweza interface ya Malipiro. Subclass iliyonse isankhe yokha object yoti ipange, code yotsalayo izingodziwa interface basi. Mawa akafuna khadi la banki, mungolemba subclass yatsopano, zakale osazikhudza.

Koma ngati mtundu wa malipiro uli umodzi wokha, musavutike nayo njirayi, ma class angokuchulukirani pachabe.