Cenjezo la PwnKit: mmene mungatsekele cibowo ca pkexec pa makompyuta a Linux

Malangizo aya ndi a anthu amene amayang'anila maseva ndi makompyuta a Linux m'maofesi, m'masukulu ndi m'makampani kuno ku Zambia. Akukamba za vuto la nambala CVE-2021-4034, limene ambili amalichula kuti PwnKit. Kampani ya citetezo ca makompyuta ya Qualys ndiyo inaliulula pa 25 January 2022, ndipo pa 27 June 2022 bungwe la boma la America loona za citetezo ca makompyuta, la CISA, linaliika pa mndandanda wa zibowo zimene akuba a pa intaneti akuzisewenzetsa kale. Cigamba (patch), kutanthauza pulogilamu yokonzedwa yotseka cibowoci, cinatuluka kalekale, koma makina amene anaikidwa pakona n'kuiwalika akali nalo vutoli mpaka lelo.

Vuto lili pati

Lili mu pkexec, kapulogilamu ka mu polkit (mbali ya Linux yoyang'anila zilolezo) kamene kamalola munthu wamba kucita nchito zina ndi mphamvu za root, mwini kompyuta yonse. Fayilo yake ili ndi cizindikilo ca SUID, kutanthauza kuti aliyense akaiyendetsa, imayenda monga root. Colakwikaco cinalowa pamene pkexec inapangidwa mu May 2009, ndipo cinakhala zaka zoposa 12 cisanaululike. Ubuntu, Debian, Fedora ndi CentOS zonse zinakhudzidwa.

Pulogilamu iliyonse ikamayamba imalandila mndandanda wa mawu, ndipo loyamba limakhala dzina lake. Amene analemba pkexec sanaganizile kuti wina angaiyambitse ndi mndandanda wopanda kanthu. Zikatelo, pkexec imapitilila malile n'kuwelenga ndi kulemba pamalo oyandikana nawo, pamene pamakhala ma environment variable, zoikika zimene pulogilamu imalandila poyamba kuyenda. Apa m'pamene wakuba amalowetselanso variable yoopsa monga GCONV_PATH (youza pulogilamu kumene ingatenge khodi yosinthila zilembo), imene Linux imacotsa dala poyendetsa mafayilo a SUID. Mapeto ake pkexec imatenga khodi ya wakubayo n'kuiyendetsa monga root. Sipafunika pasiwedi, sipafunika mwayi, ndipo kompyuta siigwa kapena kuzima. Cimacitika m'masekondi ocepa.

Ena amapeputsa nkhaniyi cifukwa wakuba ayenela kukhala atalowa kale m'kompyuta. Musatelo. Kulowa koyamba n'kochipa: pasiwedi yofooka ya SSH (njila yolowela m'kompyuta uli kutali), akaunti ya wanchito amene anacoka koma siinatsekedwe, kapena pulagi yakale ya WordPress imene imapatsa munthu wakunja mpata woyendetsa malamulo monga www-data, akaunti imene seva ya webusaiti imasewenzetsa. Popanda PwnKit, munthu woteloyo amakhala m'cipinda cimodzi cabe. Ndi PwnKit amatenga makiyi a nyumba yonse. M'labu ya sukulu, kumene ophunzila ambili ali ndi maakaunti pa seva imodzi, aliyense wa iwo ali kale mkati.

Fufuzani coyamba

Onani ngati fayiloyo ilipo:

ls -l /usr/bin/pkexec

Ikaonetsa -rwsr-xr-x, cilembo s cija ndico SUID. Pa kompyuta yokonzedwa kale cimakhalanso conco, ndiye cilembo cokhaco siumboni wa vuto. Cofunika ndi nambala ya phukusi. Pa Ubuntu ndi Debian lembani:

dpkg -s policykit-1 | grep Version

Pa Red Hat, CentOS, Rocky ndi AlmaLinux:

rpm -q --changelog polkit | grep CVE-2021-4034

Lamulo la rpm ili likabweza mzele, cigamba cilimo. Likangokhala zii, mulibe. Pa Ubuntu 20.04 nambala ikhale 0.105-26ubuntu1.2 kapena yapamwamba, pa 18.04 ikhale 0.105-20ubuntu0.18.04.6, pa Debian 11 ikhale 0.105-31+deb11u1, pa Debian 10 ikhale 0.105-25+deb10u1. Pa Red Hat 7 ndi CentOS 7 ndi polkit-0.112-26.el7_9.1. Ubuntu 22.04 ndi zotsatila zake zinatuluka zili zokonzedwa kale.

Musadalile pkexec --version. Pano ambili amapusitsika. Pa Ubuntu 20.04 idzakuuzani 0.105 cigamba cisanaikidwe, ndipo idzakuuzaninso 0.105 citaikidwa, cifukwa opanga Ubuntu amasoka cigamba pa pulogilamu yakale osasintha nambala yaikulu. Cina, kuzimitsa sevisi ya polkit sikuthandiza ngakhale pang'ono. Vuto limacitika mkati mwa pkexec isanayambe n'komwe kukambitsana ndi sevisiyo.

Ikani cigamba

Pa Ubuntu ndi Debian:

sudo apt update
sudo apt install --only-upgrade policykit-1

Pa Red Hat ndi abale ake:

sudo yum update polkit

Phukusili ndi laling'ono, silingathe bando yanu ngakhale seva ikudalila modemu ya foni. Simufunikanso kuzimitsa ndi kuyatsa kompyuta cifukwa ca cigamba cimeneci, pakuti pkexec siikhala ikuyenda nthawi zonse. Imawelengedwa mwatsopano pa disiki nthawi iliyonse wina akaiitana. Conco palibe cifukwa codikilila Ciwelu usiku. Cenjezo limodzi cabe: ngati mwasankha kukweza mapulogilamu onse nthawi imodzi ndi apt upgrade, onani ndandanda ya kuzima kwa magetsi ndipo tsimikizani kuti UPS kapena invata ili ndi moto. Magetsi akathima dpkg ili pakati pa nchito, mapaketi amatsala theka. Zikacitika, yambani ndi sudo dpkg --configure -a musanacite cina ciliconse.

Mukatsiliza, bwelezani lamulo lofufuza lija kuti muone nambala yatsopano ndi maso anu.

Makina akale amene salandilanso zigamba

Awa ndiwo amatidetsa nkhawa kwambili. CentOS Linux 8 inaleka kulandila zigamba pa 31 December 2021, milungu yocepa cabe vutoli lisanaululidwe. Seva yotele isamutsileni ku Rocky Linux kapena AlmaLinux. Ubuntu 16.04 ndi 14.04 zinalandila cigamba kudzela mu ESM yokha, dongosolo lopitiliza kupeleka zigamba ku Ubuntu zakale, limene lelo lili mu Ubuntu Pro. CentOS 7 inalandila cigamba ici, koma nayonso inafika kumapeto pa 30 June 2024, ndipo yum ingakane kupeza mapaketi mpaka mutailozetsa ku vault.centos.org.

Ngati simungathe kuika cigamba lelo, cotsani SUID:

sudo chmod 0755 /usr/bin/pkexec

Izi zimatseka njila yonse, cifukwa pkexec imakhala ilibenso mphamvu za root zoti wina abe. Pa seva yopanda skrini, nthawi zambili simudzaona kusintha kulikonse. Pa desktop, mapulogilamu amene amapempha pasiwedi kudzela mu pkexec, monga GParted ndi Synaptic, adzaleka kutseguka bwino; auzeni anchito pasadakhale kuti asaganize kuti kompyuta yafa. Mukadzaika phukusi lokonzedwa, lidzabwezela SUID lokha, ndipo n'koyenela kutelo. Koma mukadzaikanso phukusi lakale lomwelo, SUID idzabwela pamodzi ndi cibowo.

Kumbukilaninso ma ISO (mafayilo oikila Linux) a pa fulashi, makope a ma virtual machine ndi ma backup a kale kuposa January 2022. Kompyuta iliyonse yoikidwa kucokela pa zimenezi imabadwa ndi vutoli mpaka italandila cigamba.

Kodi wina analowa kale?

Cigamba cimatseka citseko, koma sicitulutsa munthu amene ali kale mkati. Ngati makina anakhala miyezi kapena zaka osakonzedwa ali pa intaneti, fufuzani. Pa Ubuntu ndi Debian onani /var/log/auth.log, pa Red Hat onani /var/log/secure:

sudo grep pkexec /var/log/auth.log

Mizele ya pkexec yodandaula kuti SHELL siinapezeke mu /etc/shells, kapena kuti variable ina ili ndi zinthu zokayikitsa, ndiyo mapazi amene njila yofala ya kuba uku imasiya. Koma Qualys inacenjeza kuti n'zotheka kucita zimenezi osasiya cizindikilo, ndipo munthu amene wakhala root angafafanize malogi. Kusapeza kanthu sikutanthauza kuti muli bwino. Pitilizani:

awk -F: '$3==0' /etc/passwd
sudo find / -xdev -perm -4000 -type f
sudo find / -xdev -name 'GCONV_PATH=*'

Lamulo loyamba liyenela kuonetsa root yekha. Lacibili limaonetsa mafayilo onse a SUID. Liyelekezeni ndi kompyuta yoyela ya mtundu womwewo, ndipo fayilo ya SUID imene ili mu /tmp, /dev/shm kapena m'foda ya munthu ikudabwitseni. Popeza /dev/shm ili payokha, ifufuzeni padela. Lamulo lacitatu lisabweze kalikonse. Foda ya dzina limenelo siikhala pa kompyuta yabwinobwino. Onaninso /root/.ssh/authorized_keys, /etc/cron.d ndi crontab ya root. Purosesa ikakhala pa 100 pelesenti usiku wonse popanda cifukwa, ingakhale pulogilamu yokumba cryptocurrency imene wakuba anasiya.

Mukapeza umboni, musalimbane ndi kucotsa mafayilo limodzilimodzi. Root ikabedwa, ngakhale ls ndi ps zingakhale zitasinthidwa kuti zikunamizeni. Cotsani waya wa netiweki, koma musathamangile kufafaniza disiki. Tengani kope lake coyamba kuti likhale umboni. Ikani Linux mwatsopano, ikani zigamba zonse kompyuta isanabwelele pa netiweki, bwezani deta yokha osati mapulogilamu, ndipo sinthani mapasiwedi onse, makiyi a SSH ndi mapasiwedi a database amene anali pa makinawo. Ngati munali zambili za anthu, monga manambala a NRC, manambala a foni kapena malipilo, lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti mudziwitse Data Protection Commissioner pasanathe maola 24, ndiye uzani oyang'anila anu nthawi yomweyo.