Kajambulidwe ka Jupiter ndi miyezi yake pa telesikopu

Mwafunsa chifukwa chake Jupiter akungotuluka ngati kampira koyera kopanda mizere. Vuto n'lakuti mukutola chithunzi chimodzi. Jambulani kanema.

Poyamba tulutsani telesikopu panja izizire kwa mphindi 45. Dikirani Jupiter akwere ndithu, poti akakhala m'munsi mpweya umachititsa kuti aziphethiraphethira. Pulogalamu yoonetsa malo a nyenyezi ndi mapulaneti yotchedwa Stellarium ikuuzani nthawi yake.

Lumikizani kamera, ndipo ngati muli ndi Barlow ya 2x, galasi lokulitsa chithunzi kawiri, ikanipo. Pokonza fokasi, lunjikani pa mwezi umodzi wa Jupiter mpaka ukhale kadontho kakang'onong'ono.

Kenako chepetsani kuwala mpaka malamba awiri oderapo apakati pa Jupiter aoneke, mujambule mphindi ziwiri zokha. Musachite dyera apa: Jupiter amazungulira kamodzi m'maola osakwana 10, ndiye mukachedwa mizere imapakizana.

Mukachepetsa kuwala chonchi, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, miyezi imene Galileo anaiona mu 1610, imazimiririka. Onjezerani kuwala muijambule payokha.

Kanemayo mulowetse mu pulogalamu ya AutoStakkert, isankhe zithunzi zabwino za m'kanemamo n'kuzisanjikiza. Pulogalamu ya RegiStax ndi yonolera mizere, koma pang'ono chabe, ambiri amapyola muyezo chithunzi n'kumaoneka chabodza. Pomaliza phatikizani chithunzi cha Jupiter ndi cha miyezi yake.