Mmene ndimayezera ngati peptide ikufinyitsa chubu cha chiberekero

Kachidutswa ka chubu cha Fallopian, njira imene dzira limadzera popita m'chiberekero, kamabwera kuchokera ku opareshoni, mayi mwini wake atavomereza, kali m'madzi ozizira a Krebs, madzi a mchere osunga mnofu wamoyo. Ndisanagwire lumo ndimalemba kaye pamene kadulidwa: ku isthmus, kufupi ndi chiberekero, kapena ku ampulla, kumene dzira limakumana ndi umuna. Ndimalembanso kuti mayiyo anali pati pa msambo wake, poti estrogen ndi progesterone zimasintha mmene mnofuwu umamvera mankhwala.

Dulani timizere topyapyala. Mnofu wa chubu uli ndi ulusi wozungulira ndi wina wotsata utali, choncho muzidziwa kuti mwadula motsata uti. Mangani kamzere ndi ulusi, mbali imodzi pa kandowe ka pansi pa organ bath (kabotolo ka madzi moikamo mnofu), inayo pa transducer (kachipangizo koyeza kukoka kwa mnofu). Madzi akhale pa 37°C, mpweya wa 95% oxygen ndi 5% carbon dioxide uzituluka timathovu tochepa. Kenako khalani pansi ola lathunthu. Mnofu wamoyo umayamba kudzifinya wokha, mzere wa pa kompyuta nkumakwera ndi kutsika mosalekeza. Ukakhala zii ngakhale mwathira potassium chloride, amene amafinyitsa mnofu wamoyo, wafa, tayani.

Peptide, yomwe ndi unyolo waufupi wa ma amino acid, muzithira pang'onopang'ono, kuyambira pa mlingo wochepetsetsa. Peptide yotchedwa VIP, ya ma amino acid 28, imafooketsa mnofu kudzera pa ma receptor (malo a pa selo pomwe peptide imamata) a VPAC, omwe amakweza mankhwala onyamula uthenga otchedwa cAMP m'maselo. Endothelin-1, ya ma amino acid 21, imene Masashi Yanagisawa ndi anzake anafotokoza mu 1988, imachita zosiyana: ikagwira receptor ya ETA, calcium amachuluka m'maselo ndipo mnofu umakungika. Imeneyi muziithira pomaliza. Ine ndinayamba nayo tsiku lina m'mawa, ndinatsuka, kutsukanso, mzere osatsika, tsiku lonse linathera pomwepo. Ikamata pa receptor sichoka msanga.

Mzere kukwera si umboni wakuti mwapeza receptor, ndipo pamenepa mpamene ambiri amafulumira kulemba lipoti. Tengani kamzere kachiwiri ka chubu chomwecho, muyambe mwathira BQ-123, yotseka ETA, mudikire mphindi 30, ndiye muthire endothelin-1. Mphamvu ya endothelin-1 ikachepa, mungatchule dzina la receptor. Kamzere kachitatu kasiyeni kopanda mankhwala, chifukwa mnofu umatopa wokha pakapita maola, ndipo kutopako mungakuyese ntchito ya VIP.

Peptide ina, monga substance P, imaphwanyidwa ndi ma enzyme a mnofu womwewo isanagwire ntchito. Ikaoneka yofooka, yesaninso mutathira phosphoramidon, mankhwala oletsa ma enzyme oterewa.

Polemba zotsatira musanene kuti mwaona dzira likuyenda. Mluza umatha masiku pafupifupi atatu m'chubu, ukukankhidwa ndi mnofu komanso titsitsi ta cilia, ndipo transducer yanu titsitsito siitimva.