Kalawidwe ka whisky ndi tequila: mphuno itsogole

Whisky ndi tequila zimakhala ndi ukali wa pafupifupi 40%, pamene mowa wamba wa m'botolo umangofika cha pa 5%. Ukali wotere umachititsa dzanzi lilime ndi mphuno, n'chifukwa chake wongogugudiza amati mowa wonse wotcheza ndi umodzi, umangowotcha pakhosi. Luso la kulawa lagona pa kuchepetsa motowo kuti zobisika kuseri kwake zimveke, ndipo zambiri mwa izo zimamveka ndi mphuno, osati lilime.

Musanatsegule botolo, werengani zolembedwa. Whisky wotchedwa Scotch ayenera kupangidwa ku Scotland ndi kukhala m'migolo ya mtengo wa oak zaka zosachepera 3. Mukaona 12 pa botolo, ndiye kuti whisky wamng'ono kwambiri mwa amene asakanizidwamo ali ndi zaka 12. Zakazo amaziwerenga mumgolo mokha. Botolo litakhala m'kabati zaka 20 silikhwima n'pang'ono pomwe. Single malt ndi wotchezedwa ku chimera cha balere chokhachokha, pafakitale imodzi. Bourbon, whisky wa ku America, ayenera kukhala ndi chimanga chosachepera 51% ndipo amaikidwa m'migolo yatsopano yowauka mkati, komwe kumachokera kutsekemera kwake kwa vanila. Maonekedwe a mowa asakunyengeni. Malamulo a Scotch amalola kuthiramo karamelo wongodetsa, choncho whisky wofiirira kwambiri si umboni woti ndi wakale kapena wabwino.

Tambula yokamwa kwakukulu, ija ya m'mabala, imamwaza fungo. Pezani galasi lotakata pansi, lopanikiza kukamwa. Galasi lotchedwa Glencairn analipangira ntchito yomweyi, koma galasi laling'ono la vinyo limakwanira. Litsukeni bwino ndi madzi okha, chifukwa kafungo ka sopo kapena ka kabati kamaphimba zonse. Thirani mamililita 15 mpaka 25, ndiye kuti supuni yaikulu imodzi kapena imodzi ndi theka, n'kulisiya mphindi zisanu. Ukali wapamwamba umayamba wauluka, fungo lenileni n'kutsala.

Ponunkhiza ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amalowetsa mphuno yonse m'galasi n'kukoka mpweya mwamphamvu, mphuno n'kuyabwa, osamvanso kanthu kwa mphindi zingapo. Yambirani patali, galasi lili pansi pa chibwano, muzilikweza pang'onopang'ono. Tsegulani pakamwa pang'ono ndipo muzikoka mpweya mofatsa, kawiri kapena katatu, kenako chotsani galasi. Kununkhiza koyamba kumakhala kwa mowa weniweniwo. Kachiwiri ndi kachitatu ndi pamene zina zimatulukira. Osalizunguza galasi mwamphamvu ngati mmene achitira ndi vinyo, kumangodzutsa ukali. Mphuno ikatopa, nunkhizani khungu la mkono wanu, lopanda mafuta onunkhira, ndipo ibwerera mwakale.

Muzitchula zimene mukumva ndi mawu a zinthu zimene mumazidziwa. Whisky wokhala mumgolo umene kale munali bourbon amakonda kununkhira vanila, uchi ndi kokonati. Wa mumgolo umene munali vinyo wa sherry wa ku Spain amamveka zipatso zouma ndi zokometsera za m'makeke. A kuchigawo cha Speyside ku Scotland, monga Glenfiddich, ambiri ndi opepuka, a fungo la maapozi ndi mapeyala. A pachilumba cha Islay, ku Scotland komweko, monga Laphroaig, Lagavulin ndi Ardbeg amanunkha utsi, nthawi zina ngati mankhwala a pachilonda, chifukwa chimera chake amachiumitsa ndi utsi wa peat, dothi lakuda la zomera zowolerana limene amakumba m'madambo. Wina akamva nthochi yakupsa pamene inu mukumva uchi, palibe walakwa. Cholakwika n'kubwereza mawu a pa botolo pamene mphuno yanu sinamve.

Kulawa koyamba kukhale kochepa zedi, kongonyowetsa lilime, ndipo musaweruze nako. Ntchito yake n'kuzoloweretsa pakamwa. Kachiwiri, sungani mowa mkamwa masekondi asanu kapena khumi, ufike mbali zonse za lilime, mezani, kenako tulutsirani mpweya m'mphuno mutatseka pakamwa. Apa fungo limakwera kuchokera kukhosi kupita kumphuno, ndipo n'kumene kukoma kwambiri kumaonekera. Onaninso kulemera kwake: kodi ndi wamadzimadzi kapena wonona ngati muli mafuta? Nanga mutameza, kukomako kukutha msanga kapena kukukhalitsa? Mowa wotchezedwa mosamala umasiya kufunda kokoma kwa nthawi. Wotchezedwa mothamanga umasiya kuwawa ndi kukanda kummero.

Tsopano madzi. Pali anthu amene amati kuthira madzi mu whisky n'kumunyoza, koma akatswiri osakaniza whisky ku Scotland amamusungunula mpaka cha pa 20% akamanunkhiza. Madzi amafewetsa ukali n'kumasula fungo. Yambani ndi madontho atatu kapena anayi, pogwiritsa ntchito kasupuni, nunkhizaninso, lawaninso. Onjezani pang'onopang'ono, chifukwa madzi akalowa satuluka. Wa 40% safuna ambiri, amasukuluka msanga. Wolembedwa cask strength, amene sanasungunulidwe ndi madzi atachoka mumgolo ndipo amafika 55% kapena kupyola 60%, amafunadi madzi, mwina supuni yaing'ono yathunthu kapena ziwiri. Madzi a pampopi onunkha klorini amawononga. Gwiritsani ntchito a m'botolo, osazizira, opanda gasi. Whisky akachita mbuu mutathira madzi musadandaule. Zimachitika ndi amene sanasefedwe mozizira, makamaka a 46% kupita m'mwamba, ndipo ndi timafuta take tomwe timanyamula kukoma.

Ayisi amatseka fungo. Pa kutentha kwa mu Okutobala palibe angakuletseni kumuponyamo, koma lawani kaye musanatero, ndipo ikani chibuma chimodzi chachikulu m'malo mwa tizidutswa tambiri tosungunuka msanga.

Tequila amachokera ku Mexico, makamaka m'chigawo cha Jalisco, ndipo amapangidwa ku chomera cha agave wabuluu, m'bale wake wa khonje amene timapotera zingwe. Chomerachi chimatenga zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo kuti chikhwime. Amasadza masamba n'kutsala chitsa chonga chinanazi chachikulu, amachiphika kuti chitsekemere, amachifinya, n'kusiya madziwo kuti awire n'kusanduka mowa asanawatcheze kawiri. Pa botolo funani mawu oti 100% de agave. Akasowa, ndiye kuti mpaka 49% ya shuga wake ndi wochokera kwina, monga ku nzimbe, ndipo ameneyu ndi amene anthu amamuthamangitsa ndi mchere ndi ndimu. Tequila weniweni amakhalanso ndi nambala ya NOM yosonyeza fakitale imene anatchezedwa.

Kuti mumudziwe agave, yambani ndi blanco, woyera, amene sanakhalitse mumgolo. Amamveka tsabola wakuda, mandimu, udzu wauwisi ndi kutsekemera kwa agave wophika. Reposado wakhala mumgolo kuyambira miyezi iwiri mpaka chaka, añejo chaka chimodzi mpaka zitatu, extra añejo kupyola zaka zitatu. Akamakhalitsa, kukoma kwa thabwa la mgolo kumakula mphamvu ndipo agave amazilala, moti añejo wina amayandikira kwa whisky. Kukwera mtengo kwake sikutanthauza kuti aposa blanco wabwino. Mezcal, mowa winanso wa agave umene wambiri umachokera kuchigawo cha Oaxaca ku Mexico, amanunkha utsi chifukwa zitsa zake amaziwotcha m'dzenje la miyala yamoto. Onsewa alaweni monga whisky, m'galasi lomwe lija, popanda mchere.

Kusiyana kumaoneka bwino mukaika awiri kapena atatu pamodzi. Yambani ndi wopepuka, wautsi akhale womaliza, chifukwa mukayamba ndi Laphroaig onse otsatira anunkha utsi. Pakati pake imwani madzi ndi kudya kachidutswa ka buledi. Fodya, mankhwala otsukira mano ndi tsabola wa kambuzi zikhale kutali kwa ola limodzi musanayambe. Musapyole mitundu inayi pa tsiku: pofika wachisanu lilime latha ntchito, ndipo magalasi anayi a mamililita 25 ndi mowa wokwanira kuti musagwire chiwongolero. Musalawe m'mimba muli njala.

Botolo lisungeni choimirira, pamthunzi, lotsekedwa bwino. Mukaligoneka, ukali umadya chitsekero cha khungwa la mtengo (cork) n'kuwononga kukoma. Likatsala pang'ono, mpweya wochuluka m'botolomo umazilalitsa fungo, choncho tsanulirani wotsalayo m'kabotolo kakang'ono. Ndipo botolo lililonse limene chidindo chake n'chothyoka, zilembo n'zofufutika, kapena mtengo wake watsika modabwitsa, lisiyeni. Mowa wachinyengo ukhoza kukhala ndi methanol, amene amachititsa khungu ndi kupha, ndipo mphuno kapena lilime sizingamusiyanitse ndi mowa wabwino.